Ngoma yanga yathothoka ubweya kwa woumika nyama: wolakwa ndani?

Kamfuti: Akuluakulu, ndabwera mtima uli kuwawa, ndithandizeni maganizo ndisanakachite zoti mawa ndidzanong'oneze bondo. Mwezi wathawu ndinaombera ngoma yamphongo, chilolezo chili m'thumba, nyanga zake zopotana kawiri ndi theka. Chiyambireni kusaka sindinagwetsepo nyama yotere. Ndinatenga mutu ndi chikopa cha m'khosi n'kupita nazo kwa mmisiri wina wa taxidermy, luso loumika nyama kuti izioneka ngati yamoyo, kuti andiumikire kuyambira paphewa kukwera, ndidzaipachike pakhoma. Ndalama ndinapereka theka. Dzulo wandiimbira foni kuti chikopacho chawonongeka, ubweya ukuthothoka m'makutu ndi mozungulira maso, ndipo sangachigwiritsenso ntchito. Akuti ndisankhe chimodzi: apeze chikopa cha ngoma ina, kapena andikonzere chibade ndi nyanga zokha. Ine ndikuona kuti wachiwononga ndi iyeyo. Ndikafune ndalama zanga?

Chatsalira: Pepani achimwene. Koma chikopa cha ngoma ina pa nyanga zanu, ndiye kuti pakhomapo padzakhala nyama ziwiri pa mtengo wa imodzi. Ine ndingavomere.

Gogo Mlenje: Mwanawe, tisanayambe kuweruza munthu amene sali pano, tandiyankhe mafunso atatu. Unaiombera nthawi yanji? Unaisenda patapita maola angati? Ndipo kuchoka kutchire kukafika kwa mmisiriyo, chikopacho chinayenda chili m'chiyani?

Kamfuti: Agogo, inagwa cha m'ma 9 koloko m'mawa. Tinachedwa pang'ono chifukwa chojambula zithunzi komanso kuikokera kugalimoto. Kusenda tinasenda madzulo. Mutu sindinausende, ndinaopa kuwononga nkhope, choncho ndinaukulunga pamodzi ndi chikopa cha m'khosi m'thumba lakuda la pulasitiki kuti ntchentche zisafike. Kwa mmisiri ndinakafika mkucha wake.

Gogo Mlenje: Ha! Basi, usavutike kupita kwa munthu uja ndi ukali. Mlandu wautchula wekha.

Chatsalira: Thumba lakuda, kumbuyo kwa galimoto, masiku awiri. Achimwene munkaphika, simunkasunga.

Kamfuti: Musandiseke. Nanga pamene ankalandira bwanji sananene? Anachiyang'ana, n'kulemba m'buku mwake, ndalama n'kulandira.

Nangozo: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ntchito imeneyi ndi imene ndimagwira, ndiye ndiyankhuleko, ngakhale mmisiri wanuyo sindikumudziwa.

Bambo Kamfuti, nyama ikangosiya kupuma, mabakiteriya amayamba ntchito yawo nthawi yomweyo. Chimene amafuna ndi kutentha ndi chinyezi basi. Tsitsi lililonse la nyama limamera m'kadzenje kake pachikopa, ndipo kuola kukafika m'timadzenje timeneti, muzu wa ubweya umamasuka. Ukamasuka wamasuka, palibe mankhwala ouyikanso. Mutu wosasenda ndiye woopsa kwambiri chifukwa ubongo, maso, lilime ndi nyama ya m'masaya zimasunga kutentha maola ambiri. Inu munautsekeranso m'pulasitiki momwe mpweya sulowa. Malo amene mwatchulawo, makutu ndi m'mbali mwa maso, ndi omwe amayamba kugonja nthawi zonse chifukwa chikopa chake n'chopyapyala.

Pa funso lanu loti bwanji sananene: nthawi zambiri vutoli limabisala. Chikopa chimatha kuoneka bwinobwino pochilandira, makamaka chikangoikidwa m'firiji n'kuuma gwa. Chimadzaulula chinsinsi tsiku lochisungunula, kapena pochinyika m'madzi a asidi ndi mchere. Ukangopaka chala, ubweya n'kumatsalira m'manja ngati wa mbuzi yothira madzi otentha. Komabe sindimuchotsera mlandu wonse mnzangayo. Atamva fungo, kapena atangofunsa mafunso amene agogo afunsawa, akanakuchenjezani pomwepo kuti chikopachi chili pakati pa moyo ndi imfa. Ine ndimakoka tiubweya ta kuseri kwa khutu mwini wake ataima pomwepo, ndipo zimene ndaona ndimazilemba pa lisiti. Ndinaphunzira zimenezi nditatukwanidwapo pa chikopa chimene chinafika chitafa kale.

Kamfuti: Mayi, ndamva. Zikupweteka koma ndamva. Nanga ndikanachita chiyani kutchire kuja, kopanda firiji?

Gogo Mlenje: Mpeni ndi mchere, mwanawe. Mlenje amene akufuna chokumbukira amanyamula mchere asananyamule zipolopolo. Nyama ikagwa, zithunzi zikhale za mphindi zochepa, kenako ikokereni pamthunzi. Ndati kukokera, koma kwenikweni muinyamule kapena muiike pa lona, chifukwa kuikhwekhwereza pansi kumapala ubweya wa paphewa. Musaicheke pakhosi. Anyamata ambiri akangofika amathamangira kudula kukhosi, ndipo chilonda chimenecho chimadzakhala kutsogolo kwenikweni, pamene mlendo aliyense adzayang'ane. Chekani mozungulira thupi kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, kusiya chikopa chambiri, kenako mzere umodzi kumsana kwa khosi kukafika pakati pa nyanga. Chikopa chikachuluka mmisiri adzadula yekha. Chikachepa alibe kokachitenga.

Nangozo: Agogo anena zoona. Ndiwonjezere za nkhope, poti ndi pamene anthu amachita mantha. Pamaso, lowetsani chala m'chikope kuchokera kunja, muchikoke, mpeni uzidutsa pafupi ndi fupa. Mukatero simudula zikope. Milomo iyenera kung'ambidwa m'kati kuti itambasuke, mphuno chimodzimodzi, ndipo makutu atembenuzidwe ngati sokosi mpaka kunsonga. Mukapanda kutero mchere sufika m'kati ndipo khutu limaola ngakhale kunja kuli mbee ndi mchere. Nyama ndi mafuta onse apalidwe, chifukwa mchere sudutsa m'mafuta.

Mchere wake ukhale wosalala, osati wamiyala, ndipo musaumire. Upakeni paliponse, m'makwinya monse, mupinde chikopa mbali ya mnofu ikumane ndi inzake, muchiike popendekeka kuti madzi azitsika. Mawa lake kutumulani mchere wonyowawo, muthire watsopano. Chiume pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa ayi, pafupi ndi moto ayi.

Ndipo chinthu chimodzi chimene ambiri amasokoneza: sankhani njira imodzi, mchere kapena firiji. Chikopa chothira mchere sichiuma bwino m'firiji chifukwa mchere umalepheretsa madzi kuundana. Ngati firiji ili pafupi ndipo nkhope simukuidziwa kusenda, chisiyeni chizizire kaye, muchikulunge bwino, muchiumitse chopanda mchere.

Tadala: Ine ndifunse mosapsatira, mundikhululukire. Chimakusangalatsani n'chiyani kukhala ndi mutu wa nyama yakufa pabalaza? Nyama yokongola ngati ngoma, kukongola kwake kuli poyenda m'tchire. Maso agalasi aja ine amandichititsa nthumanzi.

Chatsalira: Achemwali, akazi anga anenanso zomwezo. Njiri yanga inasamutsidwa pabalaza, ili m'galaja, ikuyang'anira matayala.

Gogo Mlenje: Funso lako ndi labwino, mwana wanga, sindikunyoza. Kwa ine ndi chonchi: nyama yaphedwa kale, movomerezeka, nyama yake yadyedwa. Chikopa ndi nyanga ndikazitaya, ndataya gawo la chinthu chimene ndachichotsera moyo. Ndili ndi mbawala imodzi yokha pakhoma. Ndikaiyang'ana ndimakumbukira mbandakucha umene ndinaidikira ndi mchimwene wanga amene anatisiya. Koma ndikuvomereza kuti alipo ena amene amaphera khoma, osati china chilichonse, ndipo amenewo inenso sindimwa nawo madzi.

Tadala: Za mchimwene wanuzo ndamva, agogo, pepani. Koma maganizo anga sanasinthe. Chithunzi chikanakukumbutsaninso chimodzimodzi.

Mphunzitsi Wopuma: Ndilowererepo ndi za mbiri, poti ndi matenda anga. A Tadala, luso limeneli silinakulire m'nyumba za alenje mokha. Linakulira kwambiri m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe. Liwu lenilenilo loti taxidermy ndi la Chigiriki: taxis ndi kukonza kapena kusanja, derma ndi chikopa. Pali nyama zina zimene lero tingazione m'njira imeneyi yokha. Ku America kunali mtundu wa nkhunda wotchedwa passenger pigeon, zouluka m'magulu ophimba dzuwa. Zinasakidwa mpaka kutha. Yomaliza, dzina lake Martha, inafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati pa 1 September 1914, ndipo thupi lake loumikidwa likusungidwa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington. Nkhani imeneyi imaluma mbali zonse ziwiri: kusaka kosadziletsa ndiko kunaitha, kuumika ndiko kwatisiyira chooneka.

Kale amisiri ankangosoka chikopa n'kuchifutira udzu kapena nsanza ngati pilo. Zotsatira zake mukafufuze chithunzi cha mkango wa ku Gripsholm Castle ku Sweden, wa zaka za m'ma 1700. Lilime lili panja, maso ali pafupipafupi, mano ngati a munthu. Amene anasintha zinthu kwambiri ndi Carl Akeley wa ku America, amene anagwira ntchito ku Field Museum ku Chicago kenako ku American Museum of Natural History ku New York. Iye ankayeza nyama, kuimika mafupa, kuumba minofu yonse ndi dongo, kupanga chikombole, n'kutulutsamo thupi lopepuka lopanda kanthu m'kati. Chikopa chofufuta ankachiveka pamwamba pake ngati malaya. Anamwalira mu 1926 ku Congo, kumapiri a anyani akuluakulu aja otchedwa gorilla, amene iye mwini analimbikira kuti atetezedwe.

Chatsalira: Ndaupeza mkango wa ku Sweden uja. Aphunzitsi mwandiphera tsiku, ndaseka mpaka ana andifunsa ngati ndili bwino.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo a Kamfuti mutonthozeke, chikopa chinavutitsapo akatswiri oposa mmisiri wanuyo. Mikango iwiri ija inkadya anthu omanga njanji ku Tsavo ku Kenya inaphedwa ndi John Henry Patterson mu 1898. Zikopa zake anaziyala pansi m'nyumba ngati mphasa kwa zaka zoposa 20, asanazigulitse ku Field Museum mu 1924. Zinafika zitadulidwa m'mbali ndi kutha, moti mikango imene ili m'galasi lero ndi yocheperapo kuyerekeza ndi mmene inalili yamoyo.

Nangozo: Njira ya Akeley ndi yomwe tikutsatabe, kungoti matupi masiku ano timagula opangiratu, a thovu louma la polyurethane, n'kumawasema kapena kuwonjezera kuti agwirizane ndi nyama yake. N'chifukwa chake timapempha miyeso iwiri: kuchoka pakona ya diso kufika kunsonga ya mphuno, ndi kuzungulira khosi kuseri kwa makutu. Anthu amaganiza kuti m'kati muja muli nyama youma. Mulibe. Chenicheni ndi chikopa, nyanga ndi kachidutswa ka chibade kogwira nyangazo. Maso ndi agalasi, m'makutu timaikamo zolimbitsa, m'zikope ndi m'milomo muli dongo, ndipo mtundu wa pamphuno ndi penti.

Chimene chimadya nthawi ndi kufufuta. Chikopa chimanyikidwa m'madzi a mchere ndi asidi, muyeso wa ukali wa asidiyo (pH) pafupifupi 2, kenako chimapalidwa kuti chipyapyale, asidiyo n'kuphedwa mphamvu, n'kulowa m'mankhwala ofufutira, n'kupakidwa mafuta. Mukamva mmisiri akuti mudikire miyezi yambiri kapena chaka, si ulesi ayi, pali mzere wa anzanu ndiponso kuuma sikuthamangitsidwa. Amene ndimamuopa ine ndi wolonjeza sabata ziwiri. Ameneyo nthawi zambiri amangowaza ufa woumitsa pachikopa chosafufuta. Chaka choyamba chimaoneka bwino. Kenako makutu amapiringizika, milomo n'kung'ambika, msoko wa kumsana n'kuyasama.

Wa Nkhanga: Poti tafika posankha mmisiri, ine ndinapsapo. Ndinaona zithunzi zokongola pa Facebook, ndinapereka mbalame yanga, ndipo chimene ndinalandira chinali ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Pambuyo pake ndinazindikira kuti zithunzi zija sizinali ntchito zake. Panopa ndimapita ndekha kumene munthu amagwirira ntchito. Ndimayang'ana maso ngati akuloza kumodzi, ndimasuzumira m'mphuno ndi m'makutu, ndimapapasa kumsana kufuna msoko. Ndimanunkhizanso. Nyama yokonzedwa bwino sinunkha chivundi. Ndipo ndimapempha kuona ntchito imene yatha zaka zingapo, osati yongotsika kumene patebulo.

Chinanso, wodziwa nyama za ubweya sikuti amadziwanso mbalame kapena nsomba. Ndi maluso osiyana. Mbalame ukaiombera usaigwire m'khosi, tseka magazi ndi thonje kukamwa ndi pabala, gonetsa nthenga, mutu uupinde pansi pa phiko, uilowetse m'sokosi yaitali ya nayiloni mutu patsogolo, kenako m'pulasitiki ndi m'firiji. Nsomba ijambule msanga chifukwa mitundu yake imazilala ikangofa, ndipo mitundu yonse imene mumaona pa nsomba ya pakhoma ndi penti. Ambiri masiku ano amangoiyeza, kuijambula, kuibwezera m'madzi, mmisiri n'kupanga chifanizo cha pulasitiki yolimba yotchedwa fiberglass.

Kamfuti: Ndiye pa ziwiri zija mukundilangiza chiyani? Chikopa cha ngoma ina chikundinyansa mumtima. Ndidzakhala ndikunamiza alendo.

Nangozo: Si bodza ayi, zimachitika kawirikawiri, bola chikopacho chikhale ndi mapepala ake ndiponso khosi lake lifanane kukula ndi la nyama yanu. Koma ngati mtima ukukana, chibade choyera ndi nyanga za ngoma n'chokongola pachokha, ndipo njenjete zilibe ubweya woti zidye. Ineyo pa nyama za nyanga zopotana ndimachikonda kuposa mutu woveka chikopa, ngakhale ndimapezapo ndalama zochepa.

Mungomufunsa mmene amatsukira. Chibade sichibwatitsidwa, chimangotenthetsedwa m'madzi osafika powira. Mukabwatitsa, timafupa ta m'mphuno timagwa, mano amang'aluka, mafuta n'kulowerera m'fupa. Ena amachinyika m'madzi ofunda kuti nyama iole yokha, ena amaweta tizilombo totchedwa dermestid timene timadya mnofu n'kusiya fupa lili mbee. Poyeretsa agwiritse hydrogen peroxide, yonga ya m'masaluni ija ya 12 peresenti. Bulichi wochapira zovala asayerekeze, amadya fupa mpaka limayamba kufumbutuka ngati choko patapita zaka. Peroxide asakhudze nyanga, zingayere.

Ndipo nyanga zivulidwe. Nyanga ya ngoma, njati kapena mbuzi ndi chigoba cha keratin, chinthu chomwe chimapanga zikhadabo zathu, chovekedwa pa fupa. Pakati pa ziwirizi pali mnofu ndi magazi. Akapanda kuzipotokola n'kutsuka m'kati, nyumba yanu idzanunkha nyengo yotentha ikafika ndipo tizilombo tidzamanga mudzi m'menemo. Zimasiyana ndi nyanga za nthambi za agwape a kumaiko ozizira, zimene ndi fupa lokhalokha ndipo zimagwa chaka chilichonse.

Chatsalira: Tsopano ndamvetsa chifukwa chake njiri yanga inathamangitsidwa. Ndi chibade chokha, chili ndi mawanga achikasu pamphumi ndipo kukatentha chimatuluka thukuta.

Nangozo: Amenewo ndi mafuta, bambo. Zibade za nkhumba zam'tchire zili ndi mafuta ambiri. Chinyikeni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, muzisintha madziwo kwa masabata angapo mpaka asiye kuyandama mafuta. Mano aakuluwo muwazule kaye, mutsuke m'kati mwake, mudzazemo guluu wolimba, apo ayi amang'ambika akauma.

Wa Malamulo: Sindikufuna kuziziritsa macheza, koma mapepala musawaiwale. Mmisiri wolongosoka amafunsa chilolezo chosakira asanalandire kanthu, amalemba nambala yake, ndipo amamangirira chizindikiro pa chikopa ndi nyanga kuti katundu wa anthu asasokonezeke. Amene safunsa, tsiku lina akadzagwidwa ndi katundu wa opha nyama mozembera, chanunso chidzapita nawo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku United States, mwachitsanzo, lamulo la mu 1918 loteteza mbalame zosamukasamuka limachititsa kuti mmisiri akhale ndi chilolezo cha boma asanaumikire munthu wina mbalame zoterozo, ndipo kadzidzi kapena kabawi ngakhale wongomutola atafa pamsewu munthu wamba saloledwa kumusunga.

Mukafuna kudutsa nazo malire, pali pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire pakati pa maiko, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975. Nyama za pa mndandanda woyamba wa panganoli, monga kambuku, zimafuna chilolezo cha dziko lotulutsa ndi cha dziko lolandira. Za pa mndandanda wachiwiri, monga mvuu, zimafuna cha dziko lotulutsa, ngakhale maiko ena olandira amawonjezera zawo. Kupatula apo pali zikalata za madokotala a ziweto, chifukwa zikopa zosafufuta zimatha kunyamula matenda.

Gogo Mlenje: Pa matendapo nditsindike. Nyama yoipeza itafa yokha, makamaka ikutuluka magazi m'mphuno ndi kumbuyo, musaisende ngakhale nyanga zake zikongole bwanji. Nthenda ya anthrax imalowera pakabala kakang'ono ka pachala. Ndipo magolovesi si ulemu wa azungu, valani.

Mphunzitsi Wopuma: Chenjezo lina kwa amene muli ndi mitu yakalekale yosiyidwa ndi makolo. M'zaka za m'ma 1700, Jean-Baptiste Bécoeur, wogulitsa mankhwala wa ku Metz ku France, anapanga sopo wa arsenic wotetezera zikopa ku tizilombo. Anagwira ntchito bwino kwambiri moti amisiri anamugwiritsa mpaka mkati mwa zaka za m'ma 1900. Poizoni ameneyo saola. Mutu wakale ukamatulutsa kafumbi koyera m'makutu kapena m'munsi mwa nyanga, ana asauseweretse, ndipo inu musaupukute ndi manja chabe.

Tadala: Ndiye mukundiuza kuti kuwonjezera pa maso agalasi, zina zili ndi poizoni. Zikomo, mwandilimbitsa pamene ndinaima.

Wa Nkhanga: Zamasiku ano zilibe, achemwali. Mdani wake tsopano ndi dzuwa la pawindo limene limazilalitsa ubweya, chinyezi, ndi njenjete. Ukaona tiubweya tagwa pansi pa mutu kapena timakoko ta tizilombo kuseri kwa khutu, dziwa kuti alendo afika.

Kamfuti: Ndabwera kumene kuchokera kwa mmisiri uja. Ndinapita modzichepetsa, ndipo anandionetsa chikopacho. Nditagwira khutu, ubweya unatsalira m'zala zanga, mpaka ndinachita manyazi. Iyenso wavomera kuti patsikulo anamva kafungo koma anaopa kundikhumudwitsa. Tagwirizana za chibade ndi nyanga, ndipo ndalama yotsala pa dipoziti andibwezera. Ndamufunsa za bulichi, waseka, akuti ndakhala ndikucheza ndi ndani. Nyanga wazivula kale, ndaziona zili pa shelefu ndi nambala yanga. Chikopa cha kumsana, chija ndinachithira mchere tsiku lomwelo chifukwa chinalibe nkhope yoti ndiope, akuti chili bwino ndipo achifufuta.

Funso lomaliza: ndikufuna nyangazi ziyezedwe. Ndiyeze pano kapena ndidikire?

Mphunzitsi Wopuma: Yezani lero kuti mtima ukhale pansi, koma mudzayezenso zikauma, chifukwa zimafota pang'ono. Mabungwe osunga miyeso ali ndi malamulo awo pa zimenezi. Bungwe la Boone and Crockett la ku America, limene Theodore Roosevelt ndi anzake analiyambitsa mu 1887, limafuna masiku 60 ouma asanavomereze muyeso, koma limalemba nyama za ku North America zokha. Ngoma yanu ili ndi mabungwe ake, ndipo kayezedwe ka nyanga zopotana sikafanana kulikonse, choncho funsani kaye njira ya kumene mukufuna kuilembetsa.

Gogo Mlenje: Ndipo tepi ikhale yachitsulo yofewa kapena waya, osati ya telala, imatanuka.

Chatsalira: Musawaletse agogo, ya telalayo ndi imene imatipatsa mainchesi owonjezera. Mayi Nangozo, njiri ija ndainyika m'ndowa. Madzi ndisinthe pakapita masiku angati?

Nangozo: Akangochita mbuu kapena mafuta akayandama pamwamba, poyamba mwina masiku awiri aliwonse. Mano munazula?

Chatsalira: Limodzi lakana.

Nangozo: Lisiyeni m'madzimo, pofika Loweruka ligwedera lokha. Pulayala ayi.